ZA PAKHOMO: Chubu chikamaphethira, musachigogode ndi tsache

Mababu a LED afala kwambiri masiku ano, koma getsi lalitali lija timalitcha chubu silinathe. Mukalowa m'nyumba zambiri za pa Liwonde, Ntaja, Nsanama, Ulongwe, Phalula ndi pa Balaka, mulipeza pabalaza kapena pakhonde. Lili m'makalasi, m'nyumba za aphunzitsi, m'magolosale ndi m'matchalitchi athu. Likayamba kuvuta, ambirife mankhwala athu ndi amodzi: kutenga mtengo wa tsache n'kuligogoda mpaka liyake. Likakana, timagula chubu china. Chatsopanocho chikakananso timati magetsi a masiku ano ndi achabe, kenaka timaitana mnyamata wa pafupi amene amati amadziwako za mawaya.

Njira imeneyi imatidyera ndalama, ndipo nthawi zina imatengera munthu kuchipatala. Chubu sichifa osatsanzika. Chikamaphethira, chikamafiira kumapeto, chikamalira ngati njuchi kapena chikamakana kuyaka madzulo okha, chizindikiro chilichonse chimaloza kachipangizo kake. Amene wadziwa kuwerenga zizindikirozi amagula chinthu choyenera kamodzi kokha, ndipo amadziwanso pamene dzanja lake liyenera kulekezera. Pa getsi limeneli pali zinthu ziwiri zokha zimene mwini nyumba angasinthe yekha: chubu ndi sitata. Zotsalazo ndi za mmisiri wophunzira.

Zimene zili m'kati mwa getsili

Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi amabwera pa mphamvu ya ma volt 230. Babu lakale limayaka likangolandira mphamvu imeneyi, koma chubu chimafuna othandiza awiri.

Chubu chenichenicho ndi galasi lotsekedwa mbali zonse. M'kati mwake muli mpweya wapadera ndi kadontho ka mercury. Kumapeto kulikonse kuli kawaya kopotana kolumikizidwa ku timano tiwiri timene mumationa kunja. Magetsi akadutsa mu mpweya uja amatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet, ndipo ufa woyera umene anamata m'kati mwa galasi ndi umene umakusandutsa kuwala kumene timaonera. Machubu ofala kwathu ndi awiri: lalitali la mafiti 4, la ma watt 36 kapena 40, ndi lalifupi la mafiti 2, la ma watt 18 kapena 20.

Wothandiza woyamba ndi sitata, kachitini kozungulira kamene kamatulukira pambali pa chitsulo cha getsi. M'kati mwake muli kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika kakatentha. Mukayatsa swichi, kachitsuloko kamatseka njira kwa kanthawi kuti tiwaya ta kumapeto kwa chubu titenthe, kenaka kamatsegula mwadzidzidzi. Kulira kuja kumveka ngati "tiki tiki" ndi sitata ili pa ntchito yake.

Wothandiza wachiwiri ndi choke, chitsulo cholemera chobisika m'kati mwa getsi, chimene ndi waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri. Sitata ikatsegula, choke imakankha mphamvu ya ma volt mazana angapo kuti mpweya wa m'chubu uyake. Chubu chikayaka, choke imasintha ntchito n'kukhala mlonda: imaletsa magetsi kulowa mopitirira muyeso. Popanda choke, chubu chimapsa nthawi yomweyo.

Magetsi ena atsopano alibe sitata. Mukafunafuna kachitini osakapeza, ndiye kuti lanulo lili ndi ballast ya electronic, kabokosi kopepuka kogwira ntchito ya sitata ndi choke pamodzi. Pa loterolo chimene mungasinthe nokha ndi chubu basi.

Musanakwere

Kuzimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira. Swichi imayenera kudula waya wa moto, wofiira kapena wa bulauni, umene amisiri amautcha live. Koma m'nyumba zina amene anaika mawaya anadula wakuda kapena wa buluu, wotchedwa neutral. Getsi limazima ndithu, koma moto uli pomwepo kudikira chala chanu. Choncho pitani pa bokosi la magetsi, mugwetse breaker ya magetsi ounikira. Ngati simukudziwa kuti ndi iti, gwetsani main switch. Uzani onse a m'nyumba kuti muli pamwamba, chifukwa mwana wofuna kuonera TV angathe kuikwezanso.

Pali msampha wina umene watchuka chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Munthu amati, "Poti magetsi athima, ndikonzeretu." Magetsi sauza munthu nthawi yobwerera. Kaya athima kaya alipo, main switch igwetsedwe. Ngati nyumba ili ndi inverter ya sola kapena jenereta, zimitsaninso zimenezo.

Gwirani ntchitoyi masana, manja ali ouma, mutavala nsapato za labala, pansi pali pouma. Kwerani pa makwerero olimba ndipo wina awagwire. Mpando wosanjikiza patebulo wathyola anthu miyendo. Chubu chimene chinali choyaka chisiyeni kaye chizizire.

Pochotsa chubu, chigwireni ndi manja awiri cha kumapeto, muchizunguze pang'ono mpaka timano tiloze potulukira, n'kuchitsitsa. Sitata imachoka mukaikankha pang'ono n'kuizunguza chakumanzere. Musakakamize chilichonse. Pulasitiki ya zogwirira chubu imauma ndi kutentha kwa pansi pa malata, makamaka kuno ku Balaka ndi Liwonde kumene mwezi wa October umawotcha, ndipo imathetheka msanga.

Kuwerenga zizindikiro

Njira yachidule yopezera cholakwa ndi kubwereka. Ngati m'nyumba muli getsi lina lofanana nalo limene likuyaka bwino, tengani sitata yake muyese pa lovutalo. Ngati palibe kusintha, yesani chubu chake. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha ziwiri simudziwa chimene chinafa. Yambani ndi sitata chifukwa ndi yotsika mtengo kuposa zonse.

*Getsi lili zii, osaphethira n'komwe.* Yambani ndi zapafupi. Kodi mayunitsi alipo mu mita? Kodi magetsi a m'zipinda zina akuyaka? Kodi breaker sinagwe? Ngati zonsezi zili bwino, onani ngati chubu chakhala bwino m'zogwirira zake, chifukwa nthawi zambiri chimangofuna kuzunguzidwa kuti timano tigwire. Kenaka yesani sitata ina, ndiye chubu china. Zonse ziwiri zikakhala zabwino koma getsi lili chete, ndiye kuti waya wa m'choke waduka, kapena waya wina wamasuka, kapena swichi yatha. Apo itanani mmisiri.

*Kumapeto konse kuwiri kukufiira koma pakati sipakuyaka.* Sitata yamatirira, yatseka njira osatsegulanso. Zimitsani msanga. Ena amalisiya choncho usiku wonse poganiza kuti liyaka lokha, koma nthawi yonseyo choke ikulandira magetsi ochuluka kuposa muyeso wake ndipo ikutentha. Ngati ili pafupi ndi siling'i ya mapepala olimba, ya nsungwi kapena ya mphasa, moto ungayambire pomwepo. Sitata yatsopano imathetsa vutoli.

*Chikuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, ndipo kumapeto kwada.* Chubu chakalamba. Tiwaya ta kumapeto tinapakidwa mankhwala othandiza kuyaka, ndipo nthawi iliyonse mukayatsa, pang'ono pa mankhwalawo pamachoka n'kumata pa galasi. Kuda kuja ndi kumeneko. Akatha, sitata imangoyesa mobwerezabwereza mpaka nayo kufa. N'chifukwa chake ndi nzeru kugula sitata yatsopano pamodzi ndi chubu chatsopano. N'chifukwa chakenso chubu sichikhalitsa m'bafa kapena m'chimbudzi, mmene anthu amayatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri patsiku.

*Chikuphethira koma kumapeto n'koyera.* Kawirikawiri sitata yafooka, kapena si ya muyeso wake. Werengani zolembedwa pa kachitiniko. Zambiri zolembedwa S10 ndi za chubu chimodzi cha ma watt 4 mpaka 65. Zolembedwa S2 ndi za machubu aafupi awiri ogawana choke imodzi. Mukaika S2 pa chubu cha mafiti 4, chimaphethira osaleka ngakhale zonse zili zatsopano. Popita kogula, nyamulani sitata yakaleyo m'thumba kuti mukaonetse wogulitsa.

*Kuwala kukuyendayenda m'kati ngati njoka.* Ngati chubu n'chatsopano, musade nkhawa. Izi zimatha chikayaka maola angapo, kapena mukachizimitsa kwa mphindi zochepa n'kuchiyatsanso.

*Chikuwala mofooka kapena chikuchedwa kuyaka nyengo ya mvula.* Fumbi, utsi wa kukhitchini ndi ndowe za ntchentche zimaphimba kuwala, ndipo chinyezi chikamata pa fumbilo chubu chimavuta kuyaka. Chichotseni, muchipukute ndi nsalu youma, mupukutenso chitsulo choyera cha pamwamba pake. Ambiri amadabwa kuona kuti getsi limene amati latha linangofuna kupukuta.

*Likulira ngati njuchi.* Kalirole kapansipansi ndi chibadwa cha choke. Kulirako kukakula, mwina zomangira choke zamasuka kapena timapepala tachitsulo ta m'kati mwake talekana. Mukamvanso fungo la kupsa, kapena mukaona chitsulo cha getsi chasanduka chabulauni pamalo amodzi, kapena pakudontha zakuda zonga phula, choke yapsa. Zimitsani, muchotse chubu ndi sitata kuti wina asayatse, ndipo lisagwiritsidwenso ntchito mpaka mmisiri abwere.

*Chubu chatsopano chang'anima kamodzi n'kufa.* Musaikenso china. Choke ikapserera m'kati imaleka kulondera, magetsi amadutsa onse n'kuwotcha tiwaya ta chubu pa kamphindi. Mabanja ena amataya machubu awiri kapena atatu motere, n'kumanena kuti wogulitsa anawapatsa zachinyengo, pamene wolakwa ali m'denga mwawo momwemo.

Pamene vuto silili pa getsi

Pali dandaulo limene timalimva kawirikawiri kuchokera kwa owerenga a m'misika ya kumidzi, kumene magetsi anafika kudzera m'ndondomeko ya MAREP. Amati chubu chimayaka bwino m'mawa ndi pakati pa usiku, koma dzuwa likangolowa chimangophethira. Asintha sitata, asintha chubu, koma palibe chasintha.

Apa getsi lilibe mlandu. Maboma athu awiriwa ali pamtima pa magetsi a dziko lino. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965, imene imayeza madzi a Shire opita ku makina a EGENCO a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ku Phombeya m'boma la Balaka kuli siteshoni yaikulu yogawira magetsi. Koma mphamvu imene imafika pa getsi lanu imadalira gawo lomaliza: thiransifoma ya m'dera lanu ndi waya wochokera pamenepo kufika pa nyumba. Madzulo aliyense amayatsa magetsi, ena aika mphika pa hotplate, wowotcherera zitsulo akumalizitsa geti, mwina chigayo chikadali kulira. Nyumba za kumapeto kwa laini zimalandira mphamvu yoperewera pa ma volt 230 aja. Babu lakale limangofiira, koma chubu cha choke chimakaniratu, chifukwa kukankha kwa choke sikukwanira. Mmisiri akayeza ndi multimeter nthawi ya madzulo amatsimikiza msanga. Ngati anansi anu akuonanso zomwezo, kanenani pamodzi ku ofesi ya ESCOM. Pa nyumba panu, getsi la ballast ya electronic kapena la LED limapirira mphamvu yotsika kuposa la choke.

Chizindikiro china n'choopsa kwambiri ndipo muchigwire pamtima. Ngati magetsi ena awala mopitirira chizolowezi pamene ena afooka, kapena kuwala kukukwera ndi kutsika kwambiri wina akayatsa ketulo, mwina waya wa neutral wamasuka panjira yobweretsa magetsi. Zikatere mphamvu ingakwere mpaka kuwotcha firiji, TV ndi machaja pa nthawi imodzi. Gwetsani main switch nthawi yomweyo, muchenjeze anansi, mudziwitse a ESCOM.

Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu January 2022, pamene madzi anaononga Kapichira ndipo dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130. Chizolowezi chabwino chimene ambiri anaphunzira nthawi imeneyo chisatayike: magetsi akathima, zimitsani maswichi ndi kuzula mapulagi, n'kusiya getsi limodzi lokha lokuuzani kuti abwera. Akabwera, dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike. Amene mumagwiritsa ntchito inverter zotsika mtengo kapena jenereta yaing'ono, dziwani kuti choke imalira ndi kutentha kwambiri pa magetsi otere, ndipo LED ndiyo yoyenera pamenepo.

Apa lekezani

Zizindikiro zinayi izi zikaoneka, ntchito yanu ndi kugwetsa breaker ndi kuitana mmisiri, osati kutsegula getsi.

Choyamba, chubu chikamaoneka kuwala pang'ono mumdima swichi ili yozimitsa. Nthawi zambiri izi zimasonyeza kuti swichi inaikidwa pa neutral, monga tanena kale.

Chachiwiri, mukamva kunyerenyetsa pokhudza chitsulo cha getsi, kapena malata, kapena felemu ya chitseko. Moto ukuthawira ku chitsulo ndipo waya wa earth palibe kapena waduka. Lero kwangonyerenyetsa chifukwa mwavala nsapato. Mawa ndi mwana wopanda nsapato pa simenti yonyowa.

Chachitatu, breaker ikamagwa mukangoyatsa getsi. Breaker si mdani wanu. Ikukuuzani kuti penapake mawaya akhudzana: mwina makoswe atafuna waya m'denga, mwina madzi akudontha pa bowo la msomali wa malata, mwina mavu amanga chisa cha dothi m'kati mwa getsi, mwina buluzi wafera pa mawaya. Musaimange ndi waya, musaitsekereze ndi kamtengo, ndipo musalole aliyense kuika yaikulu kuti ileke kugwa. Kutero ndi kuchotsa mlonda mbala ili pakhomo.

Chachinayi, swichi ikamatentha, ikamathetheka kapena ikada.

Mmisiri wake akhale wophunzira ntchitoyi. Bungwe la MERA ndi limene limapereka ziphaso kwa oika mawaya a magetsi m'nyumba, ndipo si mwano kupempha kuona chiphasocho. Safunsa anadya phula. Kumbukiraninso kuti mita ndi mawaya ochokera pa pholo ndi za ESCOM. Ngakhale mmisiri wanu saloledwa kuzigwira.

Ngozi ikachitika, musamugwire munthu amene magetsi amugwira. Thamangirani ku main switch. Ngati ili kutali, mukankheni ndi mtengo wouma mutaima pouma. Ngati sakupuma, wodziwa kutsitsimutsa mtima ayambe pomwepo pamene ena akufuna galimoto. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, mutengereni kuchipatala cha boma ku Liwonde, ku Balaka kapena chapafupi nanu, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuwotcha m'kati khungu likuoneka bwino. Moto wa magetsi sazimitsa ndi madzi: gwetsani main switch kaye, kenaka thirani mchenga wouma.

Maso, mutu ndi mercury

Wina angafunse kuti nkhani ya mawaya ikufunanji m'magazini ya zaumoyo. Chubu cha choke, ngakhale chili chabwinobwino, kuwala kwake kumakwera ndi kutsika ka 100 pa sekondi iliyonse. Diso silizindikira, koma anthu ena mitu yawo imamva. Kafukufuku wa Arnold Wilkins ndi anzake m'maofesi a ku Britain, wofalitsidwa mu 1989, anapeza kuti pansi pa machubu a ballast ya electronic, kudwala mutu ndi kutopa kwa maso kunatsika kuposa theka. Nanga chubu chokalamba chimene kuphethira kwake kukuoneka ndi maso? Mwana wokonzekera mayeso a Sitandade 8 kapena a Fomu 4 akamadandaula mutu madzulo aliwonse, yang'anani kudenga musanathamangire mapiritsi. Odwala mutu waching'alang'ala amavutika kwambiri ndi kuwala kotere, ndipo mwa odwala khunyu alipo ena amene kuphethira kwa getsi kumawagwetsa. Getsi lophethira lizimitsidwe mpaka litakonzedwa. M'chigayo ndi m'mashopu a makina, kuwala kwa chubu cha choke kungachititse chinthu chozungulira kuoneka ngati chaima kapena chikuyenda pang'onopang'ono, choncho musadalire maso pofuna kudziwa ngati makina aima.

Nkhani ina ndi mercury. M'chubu chimodzi muli mamiligalamu ochepa chabe, ndipo chikakhala chosasweka palibe choopa. Koma mercury ndi poizoni wa ubongo ndi mitsempha, woopsa kwambiri kwa ana aang'ono ndi mwana amene ali m'mimba. Chubu chikasweka m'nyumba, tulutsani ana, amayi oyembekezera ndi ziweto, tsegulani mazenera ndi zitseko, ndipo nanunso mutuluke kwa mphindi 15. Pobwerera, valani magolovesi kapena jumbo m'manja. Wolani magalasi ndi katoni yolimba, tolani tizidutswa ndi ufa pogwiritsa ntchito selotepi, kenaka pukutani ndi kansalu konyowa. Zonsezo, ndi kansalu komwe, ziikeni m'botolo kapena m'chitini chotsekeka bwino, muchisunge panja kutali ndi ana. Musasese ndi tsache, chifukwa limamwaza ufa uja m'nyumba monse. Mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Chubu chakufa musachiswe, musachiwotche kudzala, ndipo musapatse ana kuti aziseweretsa. Chibwezereni m'katoni ya chatsopano, muchisunge pamalo osagwa, ndipo funsani a zaumoyo a kukhonsolo za kotaya koyenera. Chisaponyedwe m'ngalande, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime. Mercury ikalowa m'madzi imasanduka mtundu wina umene umaunjikana m'thupi la nsomba, ndipo nsomba za mu Shire, Malombe, Chiuta ndi Chilwa zimadyetsa mabanja ambiri a kuno. Dziko linaphunzira izi mowawa ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matenda obwera ndi nsomba za mercury anadziwika mu 1956. Pangano la maiko lochepetsa mercury linatenga dzina la tauni imeneyo, ndipo pa msonkhano wa ku Geneva mu 2023 maiko a m'panganoli anagwirizana kuti kupanga ndi kugulitsana machubu otere kuthe pofika kumapeto kwa 2027.

Kukonza kapena kusintha?

Izi zikutanthauza kuti machubu ndi masitata azisowa m'mashopu pang'onopang'ono. Ngati chafa ndi sitata yokha, igulireni ina, getsi lipitirize ntchito. Koma choke ikapsa, kugula ina ndi kuthira ndalama pa chinthu chimene chikutha. Tiyeni tiwerengere. Chubu cha ma watt 36 pamodzi ndi choke yake zimadya ma watt pafupifupi 45, chifukwa choke nayo imadya ena n'kuwasandutsa kutentha. Chikamayaka maola 5 usiku uliwonse, pa masiku 30 chadya mayunitsi pafupifupi 7. Chubu cha LED cha mafiti 4, cha ma watt 18, pa maola omwewo chimadya mayunitsi osakwana 3. Kusiyana kwake ndi mayunitsi 4 pamwezi pa getsi limodzi. Nyumba ya machubu asanu yapulumutsa mayunitsi 20, ndipo tchalitchi cha machubu 20 chiwerengere chokha. LED ilibenso mercury, ndipo imayaka nthawi yomweyo.

Koma chenjerani posintha, chifukwa machubu a LED sali a mtundu umodzi ngakhale amaoneka ofanana. Ena amalowa pa getsi la choke mmene lilili, bola muchotse sitata yakale n'kuika kachitini kapadera kamene kamabwera m'katoni momwemo. Ena amafuna kuti choke ichotsedwe ndipo mawaya alumikizidwe mwatsopano. Mwa amenewa, ena amalandira moto mbali imodzi yokha, ena mbali zonse ziwiri. Kulumikiza mosayenera kumawotcha chubu kapena kugwetsa breaker. Werengani chithunzi cha pa katoni musanalipire, ndipo ntchito yodula mawaya isiyireni mmisiri. Akamaliza, alembe pa chitsulo cha getsi ndi cholembera chosafufutika kuti "LED yokha, mulibe choke". Popanda chenjezoli, tsiku lina wina adzaikapo chubu chakale, ndipo chingathe kuphulika ali nacho m'manja. Kawirikawiri chapafupi ndi kuchotsa getsi lonse lakale n'kuika la LED lobwera lathunthu. Gulani la dzina lodziwika, chifukwa ma LED otchipa kwambiri nawonso ena amaphethira ndipo sakhalitsa.

Ntchito ya mwezi uno

Sankhani tsiku limodzi pakati pa mlungu muyendere magetsi onse a pakhomo, cholembera chili m'manja. Yatsani lililonse, muone kumapeto kwa chubu, mumvetsere kulira kwake, mununkhize. Lembani limene lada, limene likuchedwa ndi limene likulira. Onetsani aliyense wamkulu m'nyumba, ndi ana osinkhuka omwe, pamene pali main switch ndi mmene amaigwetsera, ndipo patsogolo pa bokosilo pasakhale matumba a chimanga kapena kabati. Sungani sitata imodzi yapadera ndi tochi pamalo odziwika.

Musadikire Lachisanu madzulo. Dzuwa likamapendeka, mpunga uli pamoto, ana akusamba, zovala za ku tchalitchi zikusitidwa, ndi pamene bambo amakumbukira kuti getsi la pabalaza silikuyaka, n'kukwera pampando mothamanga ndi manja onyowa. Ngati lavuta nthawi imeneyo, lizimitseni, mutsegulire Sabata ndi nyali ina. Lidzakonzedwa Sabata likatha. Madikoni nawonso ayendere magetsi a m'tchalitchi ndi m'zipinda za ana nthawi isanakwane ya misonkhano ya usiku, ndipo zofuna mmisiri azipereke ku bodi ya mpingo. Thupi ndi moyo tinapatsidwa kuti tizisamale, ndipo nyumba imene ana athu amagonamo ndi gawo la udindo womwewo.

Mwezi wamawa tidzakambirana za masoketi otentha ndi ma extension odzaza mapulagi, amenenso amayambitsa moto m'nyumba zambiri. Amene muli ndi mafunso pa za magetsi a pakhomo, lemberani mkonzi monga mwa nthawi zonse.